Hilux ya injini ya 3L yoyatsa nyali ya oyilo ikatentha: momwe ntchito yayendera pa galaja, Kasungu

Lolemba

Talandira Toyota Hilux yokoka ndi matayala akumbuyo okha, injini 3L ya dizilo, 2.8, masilinda anayi, yopanda turbo. Mita ikuwerenga makilomita opitirira 380,000. Ntchito yake ndi kututa mabelo a fodya ndi matumba a soya m'midzi ya ku Chamama kubwera nawo pa boma ndi ku Chinkhoma, ndiye nthawi zambiri imakhala pa msewu wafumbi, katundu ali tho.

Dandaulo ndi lakuti nyali yofiira ya oyilo imachita phethiphethi injini ikatentha, makamaka galimoto ikaima itayenda mtunda. M'mawa, ndi kuzizira kwa nyengo ya mwera ino, siyaka. Akaponda mafuta pang'ono imazima. Eni ake anasintha kale switchi ya oyilo (kachipangizo koyatsa nyaliyo puresha ya oyilo ikatsika), anathira oyilo wokhuthala wa 20W-50 pamodzi ndi kabotolo ka mankhwala okhuthalitsa oyilo, nyali inakhala chete masabata angapo kenako n'kuyambiranso. Afika atamanga kale mfundo yoti tiwaikire pampu ya oyilo yatsopano. Tawayankha kuti, "Bambo, pampu tiyiona ndithu, koma mutilole tiyambe tayeza, mungagule chinthu chomwe sichinalakwe." Avomera, ngakhale mokayikira.

Tayamba ndi zosalira sipanala. Dipusitiki ikuonetsa oyilo wopitirira chizindikiro cha F, pomwe adalaivala akuti chisinthireni sanawonjezerepo. Injini yakale chonchi oyilo amayenera kuchepa. Akamachuluka yekha ndiye kuti mukulowa china, madzi kapena dizilo. Madzi tawachotsapo: kunsi kwa chivundikiro chothirira kulibe phala loyera, radiyeta ndi yodzaza ndipo mulibe mafuta oyandama. Koma fungo la dizilo likumveka, ndipo oyiloyo pakati pa zala ndi wopyapyala, 20W-50 sakhala choncho. Tadontheza dontho limodzi pa katoni yoyera n'kuisiya padera. Pofika masana pakati panali banga lakuda bii, mozungulira mkombero waukulu wotuwa. Mkomberowo ndi dizilo, amene amathamanga m'pepala kusiya oyilo m'mbuyo.

Waya wa switchi tauzula injini ikulira, nyali yazima. Waya akanakhala wosupuka n'kumagunda bodi, nyali ikanayakabe. Mbali ya magetsi ilibe mlandu.

Tikumbutsane kuti nyali imeneyi ili ndi mawu awiri okha, kuyaka ndi kuzima. Switchi yake imatseka puresha ikatsika kufika cha m'ma 0.2 kapena 0.3 bar. Injini ingathe kuyenda miyezi ndi theka la puresha yoyenera pa liwiro la pamsewu, nyali ili phee. Ikamayamba kuphethira pa idle, injini ikungolira osaponda mafuta, ndiye kuti vuto linayamba kalekale.

Lachiwiri

Tamasula switchi, pamalo pake tamanga geji ya payipi. Apa pali kamsampha. Mazinga a pa buloko (thupi la injini) ya Toyota ndi a mtundu wa 1/8 BSPT, a mizere 28 pa inchi, pomwe mageji ambiri a m'mabokosi amabwera ndi kamutu ka 1/8 NPT, ka mizere 27. Kamalowa bwinobwino mizere iwiri kapena itatu kenako kamalimba, ndipo wokakamiza ndi sipanala amawononga mazinga a buloko. Kamutu koyenera kamalowa ndi dzanja pafupifupi mpaka kumapeto.

Buku la Toyota la injiniyi limafuna 0.3 kgf/cm² kapena kuposa pa idle, ndi 3.0 mpaka 5.5 pa 3,000 rpm (kuzungulira 3,000 pa mphindi), injini itatentha. Geji yathu imawerenga bar, koma awiriwa amasiyana ndi 2 peresenti yokha, choncho tikuwatenga chimodzimodzi.

Poliza injini yozizira, muvi wafika 4.6 pa idle. Poponda mafuta wakwera mpaka 5.3 n'kuima pomwepo. Munthu wongoyeza apa n'kumasula geji anganene kuti injini ili bwino. Muvi wa madzi pa dashibodi umafika pakati oyilo akadali wofunda chabe, ndiye kuyeza kwenikweni kumafuna msewu. Tamangirira geji poonekera, tayika matumba a mchenga kumbuyo, tapita ku Chinkhoma pa M1 n'kubwerera. Pofika pa galaja: idle 0.15 mpaka 0.2, nyali ikuphethira. 2,000 rpm 1.4, 3,000 rpm 2.0. Muvi sukunjenjemera, ukukwera ndi kutsika motsata phazi.

Manambalawa akunena zambiri. Kuima pa 5.3 kuzizira kukusonyeza kuti pampu ikukoka ndi kukankha, ndiponso relief valavu, yotaya oyilo puresha ikakwera kwambiri, ikutseguka pamalo pake. Valavuyo ikanakakamira yotsegula, puresha ikanakhala yotsika ngakhale kuzizira. Kasefa ka mu sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) kakanatsekeka kwambiri, kapena payipi yake ikanamayamwa mpweya, tikanaona muvi ukugwa kapena kunjenjemera injini ikathamanga, chifukwa ndi pamene pampu imafuna oyilo wambiri. Zathuzi ndi zina: kuzizira bwino, kutentha pansi, pa liwiro lililonse. Izi zimachitika oyilo akapyapyala kwambiri, kapena mipata yomwe amadutsamo ikakula.

Pampu ya oyilo ntchito yake ndi kutumiza oyilo wa muyeso wakutiwakuti pa kuzungulira kulikonse. Puresha imabadwa chifukwa oyiloyo akuvutika kutuluka m'timipata topapatiza ta maberingi, timbale tofewa tomwe crankshaft, shafiti yaikulu ya injini, imazungulirapo. Zili ngati payipi yothirira kudimba: ikabookabooka m'njira, pampu ikhale yatsopano, kumapeto madzi amangodontha. Ndipo kuthawa kwa oyilo sikukula pang'onopang'ono. Pa masamu, mpata ukakula kawiri, oyilo wodutsamo angachuluke mpaka kasanu n'katatu.

Kuti tisiyanitse mlandu wa dizilo ndi wa kutha kwa zitsulo, takhuthula oyilo yense akadali wotentha, taika fyuluta ina yodalirika ndi 15W-40 watsopano, tabwereza ulendo womwewo. Idle 0.3, 3,000 rpm 2.4. Dizilo uja anali kuba gawo lake, koma lalikulu latsala. Pa idle tangokhudza malire apansi, pa 3,000 sitinafike n'komwe.

Fyuluta yakale taidula. Osadula ndi sowo ya zitsulo, chifukwa utuchi wake umagwera m'pepala n'kukunamizani; ife taboola m'mphepete n'kuzungulira ndi sizasi yodulira malata. Pepala talitambasula, talifinya pa vayisi kuti oyilo achoke, talitulutsa padzuwa. M'makwinya muli timanyenyeswa tonyezimira ta mitundu iwiri. Totuwa tina tikumamatira ku maginito: ndi chitsulo cha m'masilinda, maring'i a pisitoni kapena crankshaft. Tina tofiirira, maginito sakutikoka. Umenewo ndi mkuwa, ndipo m'beringi mkuwa umakhala kunsi kwa chikutiro chofewa chapamwamba. Ukafika mu fyuluta ndiye kuti chapamwambacho chinatha.

Lachitatu

Tisanatsegule pansi tafuna kudziwa za pamwamba, kuti tikamakamba ndi eni ake tikambe kamodzi. Kompuresheni, mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, payokha sikhudza puresha ya oyilo, koma imauza momwe injini yonse yadyekera.

Tazula ma glow plug (zotenthetsa poliza injini yozizira) onse anayi, tachotsa waya wa solenoid yotseka mafuta pa pampu ya dizilo, batire yodzaza, injini yofunda. Silinda yoyamba 26, yachiwiri 24, yachitatu 23, yachinayi 25 kgf/cm². Buku limati 32 kapena kuposa, malire apansi 20, ndipo kusiyana kwa masilinda kusapose 5. Yatsika yonse pamodzi, palibe imodzi yogwa payokha, ndiye si valavu yopsa kapena gasiketi yoboola. Kuthira oyilo m'silinda poyesa maring'i, monga timachitira pa injini ya petulo, pa dizilo sitichita: malo otsala pamwamba pa pisitoni ndi ochepa kwambiri, oyiloyo angayake kapena kupinditsa con rod, mkono wolumikiza pisitoni ndi crankshaft. M'malo mwake tatsegula chivundikiro chothirira oyilo injini ikulira, utsi ukutuluka mopumira, wokwanira kukankha chikhatho.

Chadya injiniyi tachipeza pa payipi ya labala yochokera ku bokosi la fyuluta ya mpweya. Kunsi kwake, kuseri kwa kilampu komwe diso silifika, yang'ambika kutalika ngati theka la chala. Injini ikagwedezeka ndi katundu, mng'aluwo umayasama. Mkati mwa payipi, kuyambira pong'ambikapo kulowera ku manifold, muli mzere wa fumbi lofiira, ndipo polipaka pa galasi ndi chala likumveka kukanda. Fyuluta ya mpweya nayo inapopedwa ndi kompuresa kambirimbiri. Poika tochi mkati, kuwala kukutulukira m'makwinya awiri. Fumbi la m'misewu yathu lili ndi mchenga wolimba kuposa chitsulo cha silinda. Limayamba kudya maring'i ndi makoma a silinda, lotsala limatsikira mu oyilo. Tinthu tating'onoting'ono timadutsa pepala la fyuluta, ndipo fyuluta ikadzaza, kapena m'mawa oyilo ali wolimba, kavalavu kolambalala kamatseguka, oyilo n'kumapita ku maberingi osasefedwa.

Za dizilo wa mu sampu: pa 3L pampu ya dizilo imayendetsedwa ndi lamba wa timing, kunja kwa oyilo. Silo yake ikatha, dizilo amanyowetsa lamba, salowa mu sampu. Njira yotsala ndi ya m'silinda, kudutsa maring'i. Manozo, zopopera dizilo mu injini, tawayesa pa pampu yamanja. Awiri akutseguka cha m'ma 145 ndipo akupopera nkhungu yabwino. Wachiwiri ndi wachitatu akutseguka pa 120 ndi 125, akulavula mzere m'malo mwa nkhungu, ndipo akatseka pamlomo pamatsala dontho. Nozo yogwirapo kale ntchito buku limafuna 145 mpaka 155 kgf/cm². Dizilo wosapsa bwino amatsuka oyilo pa khoma la silinda, kudyeka n'kumathamanga. Fyuluta ya dizilo munali madzi ndi matope kunsi. Mafuta a m'zigubu akasowa pa filling station ndi omwe amabweretsa zoterezi.

Lachinayi

Sampu yatsika. Pansi pake pali phala lakuda lotuwira lokhuthala ngati mamilimita 5. Kasefa kali ndi timichira ta silikoni wofiira totseka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Amene anamata sampuyi kale anapaka silikoni wochuluka, wofinyikira mkati anaduka n'kuyamwidwa. Sikanafike poti n'kugwetsa muvi pa geji, koma kanali m'njira. Payipi ya kasefa ilibe mng'alu, gasiketi yake ndi yamoyo.

Tamasula zivundikiro za big end, pomwe con rod imagwira crankshaft, chimodzichimodzi, chilichonse n'kuchibwezera komwe chachoka ndi mbali yomwe chinayang'ana. Theka la pamwamba la beringi, lomwe limalandira nkhonya ya pisitoni, lafika pa mkuwa pa zonse zinayi, kwambiri pa yachitatu. Pankhope pali mizere yozungulira motsata kuzungulira kwa crankshaft, ndipo m'chitsulo chofewa chotsala muli timchenga tolowerera. Umu ndi momwe beringi yodyedwa ndi dothi imaonekera. Yosowa oyilo imaoneka mwina: yopakika, yosungunuka, khosi la crankshaft (pomwe beringi imagwira) litada kapena kubiriwira ndi moto. Zimenezo palibe. Kumsana kwa maberingi sikunyezimira ndipo timakutu take tilipo, ndiye palibe inazungulira m'nyumba mwake. Kumsanako kwalembedwa STD, kutanthauza kuti crankshaft sinapalidwepo.

Mpata tayeza ndi Plastigage, kaulusi kofewa komwe kamaphwanyika pakati pa khosi ndi beringi, kutakasuka kwake n'kuonetsa mpata. Wobiriwira amayeza 0.025 mpaka 0.076 mm, wofiira 0.051 mpaka 0.152, poona mkuwa tatenga wofiira. Khosi ndi beringi zipukutidwe ziume, chifukwa oyilo amasungunula kaulusiko. Kaulusi kagone mopingasa khosi, kutali ndi bowo la oyilo. Manati amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu pa 54 N·m kenako madigiri 90, ndipo crankshaft isasunthe ngakhale pang'ono. Tapeza 0.11, 0.11, 0.14 ndi 0.12 mm. Watsopano amakhala 0.036 mpaka 0.064, malire 0.10. Onse apitirira malire.

Maberingi a main, omwe amanyamula crankshaft m'buloko, sitinawayeze injini ili m'galimoto. Crankshaft ndi flywheel zimalemerera pa zivundikiro, kaulusi n'kuphwanyika kapena kusakhudzidwa molingana ndi pomwe kulemera kwagwera, nambala n'kukhala yabodza. Zimatheka mutaikweza crankshaft ndi jeke, koma injini yoti ituluka kale palibe chovutikira.

Madzulo takhala pansi ndi eni ake, maberingi ndi pepala la fyuluta zili patebulo. Njira zilipo zitatu. Yotchipa ndi kulowetsa maberingi a STD atsopano kuchokera pansi n'kutseka. Puresha ikwera, inde, koma pa khosi lokandika ndi losazungulira bwino beringi yatsopano sikhalitsa, ndipo maring'i otha apitiriza kuthira mwaye ndi dizilo mu oyilo. Yachiwiri ndi injini ya kaunjika. Ma 3L anali m'ma Hilux ndi ma Hiace a zaka za m'ma 1990, ndiye iliyonse yomwe ili pa shelefu lero ndi nkhalamba inzake. Wogula ayenera kuumirira kuti atsitse sampu ndi kuona beringi imodzi asanapereke ndalama, ndipo ogulitsa ambiri salola. Yachitatu ndi ovaholo, kuphwasula injini yonse n'kuikonzanso. Buloko ndi crankshaft zikadali pa STD ndipo injini sinanoke, choncho ife talangiza yachitatu. Asankha imeneyo.

Lachisanu ndi Loweruka

Injini yatuluka, yaphwasulidwa, zonse zaikidwa pa thabwa mwa ndondomeko ya masilinda.

Ma main, buloko itagadama: 0.10, 0.12, 0.13, 0.12, 0.11 mm, pomwe buku limati 0.034 mpaka 0.065, malire 0.10. Apa chatha kwambiri ndi theka la pansi. Ma main ndiwo amamwa poyamba kuchokera mu ngalande yaikulu ya oyilo, pomwe palinso switchi, ndiye akayasama geji imagwa msanga, ndipo ma big end, omwe amalandira oyilo kudzera m'mabowo a mkati mwa crankshaft, amatsala ndi njala.

Plastigage imanena mpata wokha, sinena kuti chatha ndi chiti. Micrometer ndiyo yanena. Khosi lililonse taliyeza malo awiri m'litali mwake, ndipo pamalo aliwonse mbali ziwiri zopingasana. Makosi a main atsopano ndi 61.985 mpaka 62.000 mm, athu ali pakati pa 61.93 ndi 61.96. A big end atsopano ndi 54.988 mpaka 55.000, lachitatu latsika kufika 54.92 mbali imodzi ndi 54.96 mbali inayo. Kusiyana kwa 0.04 kumeneko ndi kawiri malire a 0.02. Chikhadabo chikukodwa m'mizere ya makosi atatu. Crankshaft ipalidwe, makosi achepe ndi 0.25 mm, ma main ndi ma big end omwe.

Masilinda pa bore geji: kumunsi akadali pafupi ndi 96.03, kumtunda komwe ring'i yoyamba imatembenukira ali 96.15 mpaka 96.20, malire ndi 96.23. Pa pepala sanadutse, koma maring'i atsopano m'bowo lotakasuka kumtunda chonchi amangotseguka ndi kutsekeka ulendo uliwonse, sakhazikika. Tiboola, masilinda akule ndi 0.50 mm, tiike mapisitoni atsopano.

Tsopano pampu ija. Pa 3L ili m'chikesi cha kutsogolo, kuseri kwa lamba wa timing, ndipo imazunguzidwa ndi crankshaft yeniyeniyo. Pa fila geji: pakati pa rotor yakunja ndi nyumba yake 0.21 mm, malire 0.40, pansonga za mano 0.19, malire 0.30, m'mbali, poika rula yachitsulo pamwamba, 0.07, malire 0.15. Chivundikiro chili ndi timizere tosakola chikhadabo. Relief valavu taipaka oyilo n'kuiika pabowo lake, yatsetsereka yokha ndi kulemera kwake, sipuling'i sinathyoke. Pampu ibwerera momwemo. Ikanagulidwa yatsopano Lolemba, nyali ikanayakanso sabata yomweyo.

Pali chizolowezi choika mawashala kuseri kwa sipuling'i ya relief valavu pofuna kukweza puresha. Pa idle injini itatentha valavuyo imakhala yotseka kale, ndiye washala sasintha kanthu pamenepo. Chomwe amakweza ndi puresha ya m'mawa oyilo ali wolimba, imene imatupitsa fyuluta ndi kuphulitsa labala yake. Oyilo wokhuthala ndi mankhwala a m'botolo amazimitsadi nyali kwa kanthawi, koma m'mawa wozizira amachedwa kufika ku camshaft.

China chomwe sitikanachiona popanda kuphwasula: kunsi kwa silinda iliyonse kuli kanozo kopopera oyilo pansi pa pisitoni kuti izizire, komangidwa ndi bawuti yokhala ndi kavalavu mkati. Kavalavuko kamayenera kutseka puresha ikakhala yochepa, kuti pa idle oyilo yense apite ku maberingi. Pokankha ndi kamtengo, atatu akubwerera ndi sipuling'i, ka silinda yachiwiri kakakamira kotsegula ndi phala. Kanali kutaya oyilo pa nthawi yomwe injini inalibe woti n'kutaya. Tisintha onse anayi.

Camshaft ndi maberingi ake zili mkati mwa muyeso. Hedi ilibe mng'alu wooneka pakati pa mavalavu, komabe ipita kukayesedwa ndi puresha, poti mahedi a injini za L amadziwika ndi kung'aluka akatenthedwa.

Sabata yachiwiri

Buloko, crankshaft, hedi ndi ma con rod zapita ku Lilongwe kwa opala zitsulo, pamodzi ndi mapisitoni a 0.50 ndi maberingi a 0.25 ogulidwa kale. Zipangizo zimatsogola chifukwa wopala ayenera kupala motsata pisitoni ndi beringi zomwe zili m'manja mwake, osati nambala ya pa bokosi. Pa kalata yotumiza talemba zinthu zitatu: ayese ming'alu pa crankshaft asanaipale, asadye kona yozungulira yomwe ili pomwe khosi limakumana ndi tsaya, chifukwa pa dizilo kona yakuthwa ndi pomwe crankshaft imathyokera, asalaze milomo ya mabowo a oyilo akamaliza.

Magetsi akhala akuthima kumeneko, ntchito yachedwa. Podikira tatsuka zotsala. Choziziritsira oyilo cha m'mbali mwa buloko chimasunga timanyenyeswa m'tinjira take topapatiza, ndipo chikabwerera chosatsuka chimadzalavulira zonsezo m'maberingi atsopano. Tachiviika m'palafini, tachipopa chobwerera m'mbuyo mobwerezabwereza mpaka palafini wotuluka, pomusefa pa nsalu yoyera, sakusiya kanthu. Chikanapitiriza kutulutsa zonyezimira tikanachitaya. Mavalavu a pa chikesi chake nawo tawayesa ndi kamtengo. Sampu, kasefa, manifold ndi tanki ya dizilo zatsukidwa. Manozo alandira nsonga zatsopano, onse akutseguka pa 155.

Zitsulo zitabwera taziyezanso tokha: ma main 61.75, ma big end 54.75, kusiyana kosafika 0.01. Hedi yapambana mayeso. Chobwera kuchokera kopala chimaoneka choyera koma chimakhala ndi mchenga wa mwala wopalira. M'mabowo a crankshaft tadutsitsa kaburashi ka waya, mwatuluka phala lakuda lomwe mpweya wokha sukanalichotsa. Masilinda tatsuka ndi madzi otentha a sopo ndi burashi. Palafini amangosuntha mchengawo osauchotsa m'timizere tomwe opala amasiya m'khoma la silinda. Muyeso wake ndi nsalu yoyera yopaka oyilo: ipukute silinda ituluke yoyera. Kenako kuumitsa ndi kupaka oyilo nthawi yomweyo dzimbiri lisanagwire.

Kumanga

Maberingi alowa kumsana kuli kouma, theka lokhala ndi bowo ndi ngalande kumtunda, m'buloko, bowo litayang'anizana ndi la oyilo. Kuwatembenuza ndi kutseka oyilo wa khosi lonse. Plastigage wobiriwira: ma main 0.045 mpaka 0.055, ma big end 0.045 mpaka 0.050. Zivundikiro za main 103 N·m, kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono maulendo angapo, ndipo pakatha chivundikiro chilichonse crankshaft izungulire ndi dzanja. Kusewera kwa kutsogolo ndi kumbuyo, ndi ma thrust washer atsopano, 0.12 mm, malire ndi 0.30.

Gasiketi ya hedi pa injiniyi ili ndi makulidwe atatu, B, D ndi F, ndipo imasankhidwa poyeza momwe mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko. Athu atuluka 0.82 mm, tatenga D. Mabawuti a hedi 78 N·m, kenako madigiri 90, kenakonso 90, motsata ndondomeko ya m'buku. Mavalavu kuzizira: olowetsa 0.20 mpaka 0.30, otulutsa 0.40 mpaka 0.50, posintha mashimu. Lamba wa timing, tensioner ndi masilo onse ndi atsopano; lambayu amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo wakale panalibe wodziwa msinkhu wake.

Silikoni wa pa sampu ndi mzere umodzi woonda, wodutsa mkati mwa mabowo a mabawuti, pa chitsulo chouma chopanda mafuta. Wofinyikira kunja akachuluka, dziwani kuti mkatinso wachuluka chimodzimodzi. Payipi ya mpweya, makilampu ndi fyuluta ya mpweya ndi zatsopano.

Pampu taithira oyilo poimanga kuti isayambe youma. Tisanalize, ma glow plug ali kunja ndi solenoid yozula, tapukusa ndi sitata masekondi 10 mpaka 15, kupumira pakati kuti sitata isapse. Ulendo wachitatu muvi wanyamuka kufika 1.5, ndipo oyilo waoneka pa camshaft poyang'anira pa bowo lothirira. Apo m'pamene tabwezera ma glow plug ndi waya.

Kuyesa pamsewu

Yalira msanga. Kuzizira 5.2. Sitinaisiye nthawi yaitali pa idle, poti maring'i atsopano amakhazikika ndi katundu wapakatikati. Idle yaitali imasalaza makoma a silinda asanagwirane. Ulendo womwe uja wa ku Chinkhoma, ndi matumba ochepa, posinthasintha magiya ndi liwiro. Pobwera: idle 1.1, 2,000 rpm 3.3, ndipo pokhudza 3,000 kamphindi 4.2. Pa chivundikiro chothirira utsi ndi wochepa kwambiri.

Adalaivala tawauza kuti makilomita 1,000 oyamba asasenze mopitirira theka, asakokere giya yaikulu pa chitunda injini ikulira mobanika, ndipo fyuluta ya mpweya azigogoda pang'ono ndi dzanja, ikada asinthe, kompuresa ayi. Oyilo ndi 15W-40 wa injini za dizilo, wa API CF-4 kapena kuposa, wa m'chigubu chomata, osati wopimidwa m'mabotolo a pamsika. Kusintha pa makilomita 5,000, ndipo nyengo ya fumbi asafikitse n'komwe.

Pa makilomita 500

Galimoto yabwera. Oyilo ali pa F, sanakwere, fungo la dizilo palibe. Fyuluta taidula: muli kafumbi kotuwa kochepa kokoka maginito, komwe timayembekezera maring'i akamakhazikika, mkuwa mulibe. Geji itatentha: idle 1.1, 3,000 rpm 4.1. Mkati mwa payipi ya mpweya chala chatuluka choyera.

Zotsala ziwiri. Kapayipi kopereka oyilo ku vacuum pampu ya kuseri kwa alternator kayamba kuchita thukuta pa mfundo yake. Kali pa puresha yonse ya injini, ndipo kakaphulika pamsewu sampu imatha m'mphindi zochepa. Taitanitsa kena ku Lilongwe, galimoto isapite kutali kasanafike. Chachiwiri, eni ake apempha geji yokhazikika m'kabini. Tiika T, cholumikizira cha njira zitatu, kuti switchi ndi nyali zikhalebe, koma T yo sitiimanga pa buloko penipeni: kulemera kwa switchi ndi sensa, ndi kunjenjemera kwa dizilo pa msewu wa mabampu, kumathyola kamutu ka mkuwa pa mazinga. Ikhala pa bodi, yolumikizidwa ndi payipi yofewa yopirira puresha. Kompuresheni tidzayezanso pa makilomita 5,000, posintha oyilo.